A Muhiwa, Wouza Abale

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa a Francisko Muhiwa pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa pasukulu ya mishoni, kuseri kwa mpanda wa chipatala. Sindinadziwe ngati ntchito yawo ankaikonda kapena ankaiopa. Ndinkawaona akuwoloka bwalo kuchokera kuwodi kupita kushedi kumene magadiyani amaphikira odwala awo, manja kumbuyo, akuyenda ngati munthu wosafuna kufika. Koma tsiku lina atatumidwa munthu wina m'malo mwawo, anakwiya sabata yathunthu. Sindinawafunse. Sanali munthu wofunsidwa zotero, ndipo sindikulemba izi kuti ndiwatamande. Kakudzikuza anali nako, ndipo sankachedwa kupsa mtima.

Anabadwira kufupi ndi Magomero, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachoka ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Sukulu anailekera mu Fomu 2. Pachipatala anafika mu 1988 kudzakolopa m'mawodi, koma sanakolope nthawi yaitali. Dokotala wamkulu masiku amenewo anali Sisitala Albertina, mzungu wa ku Ulaya amene manja ake ankachita zodabwitsa koma lilime lake linakana Chinyanja. Ankadziwa moni ndi kufunsa pamene pakupweteka, basi. Atamva wokolopa uja akuyankha nkhalamba ina m'Chilomwe, kenako n'kutembenuka kufotokoza m'Chingerezi cha kumishoni, anamulanda chokolopera n'kumuuza kuti aziyenda naye poyendera odwala.

Kumasulira ndiyo ntchito imene inalembedwa ku ofesi. Inalipo ina imene sinalembedwe paliponse.

Sisitala akaona kuti kwa wodwala wina palibenso chochita, sankanena m'wodi. Ankadikira atuluke pakhonde, pamene panali beseni losambira m'manja, n'kutchula nambala ya bedi motsitsa mawu. Pamenepo a Muhiwa ankauyamba ulendo wa kushedi. Kuno kwathu mwamuna ndi mkamwini pamudzi pa mkazi wake. Amalima, amamanga nyumba, amabereka, koma nkhani ya moyo ndi imfa ya mkaziyo ndi ana ake ili m'manja mwa mwinimbumba, amene ndi mchimwene wa mkaziyo kapena atsibweni ake. A Muhiwa ankadziwa kumupeza munthu ameneyu pakati pa anthu khumi okhala pamkeka. Sanali wolira kwambiri uja, sanalinso woyamba kuyankha moni. Anali amene ena ankamuyang'ana asanayankhe.

Akamupeza ankakhala naye pansi pambali. Ankafunsa za mvula, za nandolo, za mlatho wa kwawo ngati anaukonza. Kenako ankangoti ana akuwasowa amayi awo kunyumba, kapena kuti nyumba ikusowa mwini wake. Palibe amene ankafunsa tanthauzo lake. Tsiku lomwelo wodwalayo ankanyamulidwa ali moyo, panjinga kapena pamatola, kukagona m'nyumba mwake. Ankatsanzikana ndi ana, ankanena wotenga munda wa kudambo, amayi a mpingo ankamuimbira, ndipo ankatsirizika anthu ake atamugwira. Sankadutsa kumochale, kumene aliyense ankakuopa kuposa imfa yeniyeniyo.

M'zaka za matenda aja amene anapululutsa midzi mankhwala asanabwere, a Muhiwa ankawoloka bwalolo kanayi kapena kasanu pa tsiku. Mu 1999 nambala imene Sisitala anatchula pakhonde inali ya bedi la mkazi wawo, Sophie. Sisitala anafuna kupita yekha kushedi, koma akanalankhula chiyani? A Muhiwa anapukuta manja, anapita kwa alamu awo, anafunsa za mvula ndi nandolo monga mwa nthawi zonse, ndipo ananena mawu aja. Patatha zaka ziwiri mankhwala anafika m'boma lathu, ndipo anthu amene anali ngati mitembo anayamba kubwerera kumunda. Za zimenezi sanalankhulepo ndi munthu. Akuchikazi atawasudzula, ana anatsala kwa atsibweni awo monga mwa mwambo, ndipo iwo anasamukira m'kanyumba ka chipatala kuseri kwa kochapira zovala.

Munthu akaima pambali pa dokotala zaka makumi atatu, maso ake amaphunzira. A Muhiwa anafika podziwa nambala Sisitala asanaitchule, ndipo anthu anadziwa kuti amadziwa. Dokotala Calvin Mathero, Mmalawi amene ankachita maopaleshoni limodzi ndi Sisitala, ankati akakumana nawo pakhomo la fiyeta, chipinda cha maopaleshoni, ankaphimba nkhope ndi fayilo.

“A Muhiwa, yang'anani kumbali. Ine n'chimfine chabe ichi, ana sakundisowa.”

A Muhiwa ankaseka pang'ono, koma nthabwalayo inkawakomera kuposa mmene ankaonetsera.

Sisitala anabwerera kwawo mu 2019, maondo atakana kukwera masitepe a kuwodi. Chaka chotsatira Dokotala Mathero anapuma pa ntchito manja atayamba kunjenjemera, n'kupita kukakhala ku Zomba. M'midzi anthu ankati chipatala chatha, chatsala ndi makoma. Sizinali zoona. Panatsala Dokotala Bushra Asumani, mayi wachitsikana amene anali atangogwira zaka zinayi, madokotala othandizira awiri, ndi anamwino otsogoleredwa ndi a Nester, amene anakalambira pomwepo. Anthu amenewa anagawana ntchito ya madokotala awiri odziwa, ndipo anaisenza. Amayi ankachirabe, mafupa ankalumikizidwabe, ndipo pamene Dokotala Bushra sankadziwa ankaimba foni ku Blantyre osachita manyazi.

Koma dokotala watsopanoyu ankalankhula Chinyanja ndi Chiyao, ndipo womasulira sankafunikanso. Popanda wofuna kuwachitira choipa, a Muhiwa anawaika pageti kuti azilondolera anthu kumawodi ndi kukankha wilutcheya. Ntchito ina ija palibe anaitchula. Dokotala Bushra sankaidziwa n'komwe. Anakulira ku Limbe, m'nyumba imene bambo ndiye ankalamula, ndipo kusukulu anamuphunzitsa kuti nkhani yovuta amauza wodwala mwiniyo ndi mwamuna wake, n'kuwapatsa pepala asaine. A Nester ankaidziwa, koma ankayesa kuti inapita ndi Sisitala. A Muhiwa anakhala pageti chaka ndi miyezi, akuona gulu loyendera odwala likudutsa pakhonde m'mawa uliwonse popanda iwo.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, anabwera naye mayi wina wa kupitirira Milepa, dzina lake Nabanda. Anabereka mwana wachinayi, anataya magazi ambiri, ndipo Dokotala Bushra anamupulumutsa ku fiyeta. Mwana anali bwino. Koma mayiyo mkodzo unasiya kutuluka. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, thumba lolendewera pabedi linali louma, nkhope inatupa, ndipo anayamba kuodzera masana. Impso zinali zitaima. Dokotala anaimba mafoni mpaka Loweruka, pamene anamupezera malo pamakina osefa magazi ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Ambulansi inali yoti ibwere Lolemba m'mawa. Anaitana mwamuna wa Nabanda, Robert, n'kumufotokozera zonse bwinobwino. Robert anali munthu wofatsa. Anavomera chilichonse ndi mutu, n'kusaina.

Mwinimbumba anali mchimwene wa Nabanda, a Sungani, wogula ndi kugulitsa nandolo, amene ankamuona mlamu wawo Robert ngati mwana. Robert atawauza kuti adokotala akuti Lolemba apita ku Blantyre, za makina zija anazinena mosokoneza, ndipo a Sungani sanamvere mpaka kumapeto. Kwa iwo Blantyre kunali kumene amatumiza munthu kuti akafere kutali, m'khonde la anthu osamudziwa. Lamulungu misa itatha a Sungani anakaima pageti, chipewa m'manja, n'kudikira a Muhiwa. Anawakumbutsa kuti zaka zapitazo anabwera ndi mayi awo pachipatala pomwepa, ndipo a Muhiwa anawauza zoona, mayiwo n'kukatsirizikira m'nyumba mwawo. Anati ana a sukulu alipo tsopanowa amalankhula zambiri, koma iwo akufuna munthu wamaso.

“Bambo, kationereni mlongo wathu.”

Panali patatha chaka ndi miyezi munthu asanawalankhule choncho. A Muhiwa anasiya geti n'kulowa m'wodi ya amayi. Anaima kumiyendo kwa bedi. Anaona thumba louma lija, zikope zotupa, ndipo anamva kafungo ka mpweya wa wodwalayo kamene ankakadziwa bwino. Amayi otere anawaonapo oposa makumi awiri m'masiku a Sisitala, ndipo palibe mmodzi amene anadzuka. Awiri amene anatumizidwa ku Blantyre anabwerako m'mabokosi. Atatuluka pakhonde anayang'ana nyumba ya dokotala, imene inali pafupi kwambiri moti ankaona zovala zoyanikidwa pachingwe. Akanatha kupita kukagogoda n'kufunsa. Koma anaganiza za kuima pakhomo la mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, kupempha kuti awauze chimene maso awo anali ataona kale. Anatembenuka n'kulowera kushedi.

Anakhala pansi ndi a Sungani, anafunsa za mvula ndi mtengo wa nandolo, kenako anati ana akuwasowa amayi awo.

Abale ake anamutulutsa Nabanda masana omwewo pa nthawi yoona odwala, wodi itadzaza anthu. Namwino amene analipo anakana, anathamangira dokotala, koma anapeza ali mu fiyeta akuchita opaleshoni mayi wina amene mwana anapingasa. A Sungani anadinda chala papepala lakuti atenga wodwala mwa kufuna kwawo. Pamene dokotala ankatuluka, galimoto ya matola inali itapita kalekale, ndipo foni ya Robert sinkapezeka.

Lolemba m'mawa ambulansi inafika n'kupeza bedi loyalidwa bwino. A Nester sanafunse aliyense. Anapita pageti n'kuwatenga a Muhiwa kupita nawo ku ofesi ya dokotala. Dokotala Bushra anali ndi maso ofiira, koma sanakweze mawu.

“Bambo Muhiwa, munawauza chiyani anthu aja?”

“Ndinawauza zimene ndinaona.”

Dokotala anawafotokozera monga anafotokozera Robert. Anati impso za mayi wotaya magazi nthawi zambiri sizifa, zimangokomoka. Makina amagwira ntchito yake sabata ziwiri kapena zitatu mpaka zitsitsimuke, ndipo amayi ambiri otere amabwerera kwawo akuyenda okha. A Muhiwa anafunsa kuti makinawo anabwera liti. Atamva kuti papita zaka zingapo, anakhala pabenchi ya odwala, ngakhale panalibe amene anawauza kuti akhale. Patapita kanthawi anati a Sungani sangapereke wodwalayo kwa namwino, kapena kwa dokotala, kapena kwa wansembe. Mawu anatuluka pakamwa pawo, ndipo ndi iwo okha amene angakawabweze.

Dokotala sakanachoka, chifukwa pakhonde panali mzere wa odwala. Anapita a Nester ndi a Muhiwa pa ambulansi ija. Kupitirira Milepa msewu unasanduka matope, ndipo dalaivala anaima pasukulu ina n'kunena kuti apa ndiye pothera. Anatsika ndi machira n'kulowa kanjira ka m'chimanga. A Nester, amene anali onenepa, ankaterereka n'kumadandaula kuti unamwino wawo sanaphunzire kuti azidzasambira m'minda ya eni. 

Nyimbo anaimva asanaione nyumba. Amayi a mpingo anali atadzaza m'kati, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango. Nabanda anali moyo. Dzulo lake madzulo anali atatsegula maso, anaona ana ake atatu, ndipo khanda analipereka m'manja mwa mng'ono wake. Zonse zinali zitachitika mwa dongosolo lake, monga a Muhiwa ankafunira nthawi zonse. A Sungani anadzuka kudzawalandira ndi manja awiri, n'kuuza anthu kuti taonani, bambo aja abwera okha kudzakhala nafe. Anawapatsa mpando. A Muhiwa anaukana n'kukhala pansi.

Sanafunse za mvula. Anati, amuna onse akumva: “A Sungani, dzulo ndinalakwa. Mlongo wanu angathe kuchira. Tabwera kudzamutenga.”

 A Nester anafotokoza za makina. A Sungani ankamvetsera koma maso ali pa a Muhiwa. Pomaliza anafunsa ngati adokotala awaopseza kuti awachotsa ntchito. A Muhiwa anati ayi. Anafunsanso ngati maso awo dzulo anaona molakwa. A Muhiwa anati maso anaona bwino, koma zimene ankadziwa zinali zakale.

“Nanga amayi athu aja? Munatiuza chimodzimodzi.”

A Muhiwa anati amenewo anali mawu a Sisitala, iwo anangonyamula.

“Sisitalayo sankalakwa?”



Nkhani inatalika. Azakhali anatuluka m'nyumba n'kunena kuti munthu watsanzika kale, kumunyamulanso n'kumuzunza. Wina anati achipatala akufuna akaphunzirire pa iye. A Nester ankayang'ana wotchi, ankalowa kukagwira mkono wa wodwala, ankatuluka. Dzuwa linafika pamutu. Ndiye Robert, amene anakhala kumapeto kwa mkeka chiyambire, anagwada n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

“Alamu, ine pano ndine mlendo, ndikudziwa. Koma ndibwerekeni mkazi wanga ndikayese.”

A Sungani anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akumuona koyamba. Kenako anauza anyamata kuti abweretse machira.

Anamunyamula m'kanjira kaja anthu anayi, a Muhiwa atagwira kutsogolo ngakhale anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Ambulansi inatuluka m'matope cha m'ma 2 koloko. A Nester anamuika diripi, a Sungani ndi Robert anakhala mbali imodzi, a Muhiwa mbali inayo. Anadutsa paboma, anatsetsereka kulowera kumsewu wa tala. Akufika pa Njuli, Nabanda anayamba kupuma modukiza. A Nester anagogoda pagalasi kuti dalaivala aime, anayesa zimene akanatha, kenako anasiya. Galimoto inali itaima pafupi ndi msika. Akabaza ndi amayi ogulitsa tomato anayandikira kudzasuzumira pawindo, mpaka a Nester anavula chitenje chawo n'kutchinga.

Dalaivala anafunsa ngati apitirire kapena abwerere. Kenako anangotembenuza yekha galimoto. Atayenda kamtunda, a Sungani analankhula, osati mokalipa.

“Dzulo munati akafere kwawo. Lero wafera pamsika.”

A Muhiwa anakhala pamaliropo masiku onse awiri, kumbuyo kwa anthu. Palibe anawathamangitsa, palibenso anawapatsa mpando.

Atabwerera, ankayembekezera kalata yowachotsa ntchito. Sinabwere. Dokotala Bushra anawaitana n'kunena kuti a Nester amufotokozera za mwinimbumba, ndipo waona kuti nayenso analakwa. Anafotokoza zonse bwinobwino, koma kwa munthu amene analibe mphamvu yovomera. Anawapempha kuti abwerere m'gulu loyendera odwala, azimusonyeza woti auzidwe. Chinthu chimene anachilakalaka chaka ndi miyezi anachilandira m'njira imeneyi, ndipo sichinawakomere.

Anagwira ntchitoyo mokhulupirika. Ankatenga dokotala ndi a Nester kupita nawo kushedi, n'kuwaphunzitsa kukhala pansi, kusafulumira, ndi kuona amene ena akumuyang'ana asanayankhe. Anawauza mabanja a Chilomwe ndi a Chiyao a m'midzi yozungulira, kumene atsibweni amamveka ndi kumene agogo aakazi ndiwo amamaliza nkhani. Dokotala ankaphunzira msanga. Nawonso a Muhiwa anayamba kufunsa. Ankati akaona wodwala wa mtundu umene ankaudziwa, ankadikira atuluke pakhonde n'kufunsa ngati matenda amenewanso masiku ano amachizika. Kawirikawiri yankho linali lakuti inde, kapena lakuti nthawi zina. Mutu woumitsa khosi uja, chotupa cha m'mimba mwa ana, mtima wotupitsa miyendo. Ankafunsa chaka chimene mankhwala ake anafika, n'kukhala chete, milomo ikuyenda pang'ono. A Nester anazindikira kuti akutchula maina a midzi ya odwala amene anawatumiza kukatsirizikira kwawo, ndipo tsiku lina anawauza kuti asiye, chifukwa Sisitala ankachita zimene zinalipo pa nthawi yake. A Muhiwa anati zimenezo akudziwa. Chimene sakudziwa ndi chaka chimene nthawi yakeyo inatha, chifukwa palibe analiza belu.

Anthu sanasiye kuwafuna. Nkhani ya Nabanda inamveka m'midzi, koma inamveka mokhota: ankati a Muhiwa ananena kuti mayiyo sachira, adokotala anakana, ndipo taonani anafera panjira. Anthu obwera pageti ndi chipewa m'manja anachuluka kuposa kale. A Muhiwa ankawagwira dzanja n'kupita nawo kwa dokotala, osanenapo kanthu. Koma dokotala akamalankhula, abale ankayang'ana nkhope ya a Muhiwa. Akatsokomola, ankayang'anana. Akayang'ana pansi, mayi wina ankayamba kulira.

Mu Meyi munali mkulu wina m'wodi ya amuna amene anadwala chibayo ndipo anali akuchira, atayamba kale kudandaula kuti phala lilibe shuga. M'mawa wina a Muhiwa anaima kumiyendo kwa bedi lake kanthawi ndithu. Msana unkawapweteka, ndipo anangogwira chitsulo cha bedi kuti apume. Masana a Nester anapeza ana a mkuluyo pageti atamanga mitolo, bambo awo atawakhazika panjinga, mpweya uli befu. Anati palibe amene wawauza kanthu, koma anaona okha mmene bambo Muhiwa anaimira. Zinatengera a Nester, dokotala ndi a Muhiwa eni ake ola lathunthu kuti mkuluyo abwerere pabedi. Anachira, ndipo patatha sabata anapita kwawo.

Madzulo a tsiku la mitolo lija, dzuwa lisanalowe, a Muhiwa anapeza a Nester akutsuka zitsulo kuseri kwa fiyeta. Anawauza kuti pakamwa anatseka, koma nkhope sangaitseke, ndipo pamene iwo ali pachipatalapo anthu sadzamvera dokotala.

“Tikugulirani magalasi akuda, achimwene, muzioneka ngati woimba,” anatero a Nester.

A Muhiwa anaseka, koma anati lero mkulu uja anamupeza pageti, mawa wina adzamupeza atafika kale kwawo. A Nester anasiya zitsulo n'kuwauza kuti anthu adzazolowera, zimangofuna nthawi. Iwo anafunsa kuti nthawiyo idzadya anthu angati. A Nester anawauza kuti asaganize zopusa zofuna kuchoka, alibe kolowera. Zinali zoona. Kumudzi kwa mkazi wawo anasudzulidwa kalekale. Ku Magomero alongo awo anamwalira, ndipo malo anagawana adzukulu amene sankawadziwa bwino. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, wamkazi anakwatiwa ku Kasungu.

Anakhalabe mpaka kumapeto kwa Juni. Masabata omalizawo sankalowanso m'wodi. Ankaperekeza dokotala mpaka pakati pa bwalo, n'kumunong'oneza kuti wa malaya abuluu uyo, kapena mayi wa duku uyo, kenako n'kubwerera. Pambuyo pake anasiya ngakhale kunong'onezako. Ankaima patali n'kuona dokotala akukhala pamkeka, akufunsa za nandolo, n'kutembenukira kwa munthu woyenera popanda womuuza. Dokotala sankanena mawu aja a ana osowa amayi awo. Ankanena matendawo ndi dzina lake, zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke, ndipo ena ankasankha kutenga wodwala wawo, ena kumusiya. A Muhiwa ankati amalankhula zambiri, koma sanamudzudzule.

Lachiwiri lina m'mawa, kukuzizira, mlonda anawaona akutuluka ndi chikwama chimodzi ndi jekete la kutchalitchi. Anamupatsa kiyi kuti akapereke ku ofesi. Mlondayo anayesa kuti akupita kumaliro. Kanyumba kaja anakapeza katasesedwa, yunifolomu itachapidwa ndi kupindidwa pabedi. Kalata inalipo ya mizere itatu, yopempha kupuma pa ntchito ndi kuthokoza, yosatchula kumene akupita.

A Nester anaimba ku Kasungu ndi ku Joni, koma ana sanawaone. Anatuma munthu ku Magomero, ndipo kumeneko anadabwa kumva kuti anachoka pamishoni. Wina anati anawaona ku Muloza akuwoloka kulowa ku Mozambique, kwa makolo awo, koma munthuyo atafunsidwa bwino anati mwina anali wina wofanana nawo. Wa kabaza amene anawanyamula m'mawa umenewo anapezeka. Anati anawatsitsa pamsewu waukulu, pamene minibasi za ku Zomba zimaima tsidya lino ndipo za ku Limbe tsidya linalo. Pomwepo panabwera mayi wa dengu wofuna kupita kuchipatala, ndipo iye anatanganidwa ndi kumanga dengulo. Sanaone mbali ya msewu imene mkuluyo anakaima.